procmail ikubweza makalata pa seva yathu: ndiikonze kapena ndiichotse?

gologolo

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndinalandira seva ya makalata ya bungwe lathu kwa munthu amene anasiya ntchito osasiya ngakhale kapepala kofotokoza zomwe anachita. Pali Postfix yolandira ndi kutumiza makalata, pali Dovecot 2.3 ya IMAP yomwe anthu amawerengera makalata awo, anthu alipo pafupifupi 40 ndipo onse ndi ma user enieni a pa makinawo, a mu /etc/passwd. Makalata amagwera mu /var/mail, aliyense fayilo yake imodzi ya mbox. Mu main.cf ya Postfix muli mzere uwu, wopereka makalata kwa procmail, pulogalamu yomwe imawasefa n'kuwaika m'mabokosi:

    mailbox_command = procmail -a "$EXTENSION"

Chomwe chandithawitsa tulo ndi bokosi la malonda@. Makasitomala akudandaula kuti maimelo awo akubwerera. Mu log ndikupeza izi:

    status=bounced (can't create user output file. Command output: procmail: Error while writing to "/var/mail/malonda")

Diski sinadzaze, `df -h` ikuonetsa malo ambirimbiri. Zilolezo za fayiloyo n'zofanana ndi za anthu ena. `ls -lh` ikuti ndi 49M. Mayi amene amayang'anira bokosilo akafufuta makalata akale angapo zimayenda, pakapita kanthawi zimayambiranso.

China ndi chakuti mayi omwewo ali ndi lamulo mu .procmailrc loti kalata iliyonse yokhala ndi mawu oti invoice pa Subject ipite ku foda yakeyake. Ena amapitadi, ena amangogwera mu INBOX, chonsecho mawuwo ukuwaona bwinobwino pa Thunderbird.

Ndiye funso langa lenileni ndi ili. Ena akuti procmail inatha kalekale, ena akuti ndiike maildrop, ena dovecot-lda, enanso LMTP. Sindikuona kusiyana kwake, zonse si zongoika kalata m'bokosi? Zomwe sizikuyenera kuima ndi zitatu: /etc/procmailrc imadutsitsa makalata onse mu spamc ya SpamAssassin yosefa spam, akaunti ya oda@ imapereka kalata iliyonse ku script ya Python yolowetsa maoda mu database, ndipo mu cron muli fetchmail yomwe imakoka makalata ku bokosi lathu lakale la kwa ISP.

kadzidzi

Achimwene, 49M yanuyo yaulula kale wolakwa. Lembani `postconf mailbox_size_limit` mundiuze ngati simuona 51200000. Ndiwo malire omwe Postfix imabwera nawo, ndipo mabayiti 51200000 pa `ls -lh` amaoneka ngati 49M. Chomwe chimasokoneza anthu n'chakuti malirewa sagwira bokosi lokha ayi. Amagwira fayilo iliyonse yolembedwa pa nthawi yopereka kalata, kuphatikiza yolembedwa ndi pulogalamu yomwe local, gawo la Postfix lopereka makalata kwa ma user a pa makinawo, yaitana kudzera mu mailbox_command. procmail ikafika pamenepo kernel imaikaniza kulemba, iyo n'kungoti "Error while writing". Ngakhale LOGFILE ya procmail ikakula kufika pamenepo imasiya kulembedwa. Za lero lokha, `postconf -e mailbox_size_limit=0` kenako `postfix reload`, moto wazima.

Koma taonaninso mzere wa log munatumizawo. Mawu ondipweteka ine si "Error while writing", ndi `status=bounced`. Vutolo linali loti munthu akanalikonza pa mphindi zisanu, koma kalata ya kasitomala yabwezedwa ngati kuti adiresiyo kulibe. Apa ndi pamene mapulogalamu mwatchulawa amasiyanirana, osati pa kukongola kwa malamulo awo osefera. Postfix ikapereka kalata kwa pulogalamu ina, chomwe imamva ndi exit code basi, manambala aja a mu sysexits.h. Ikamva 0 imafufuta kalatayo pamzere wake chifukwa yauzidwa kuti yafika. Ikamva 75, EX_TEMPFAIL, imaisunga n'kumayesanso, mpaka masiku 5 ngati simunasinthe maximal_queue_lifetime. Ikamva 67 kapena 73 imaibweza kwa mwini wake. procmail ikalephera kulemba paliponse imatuluka ndi 73, EX_CANTCREAT, ndipo mawu aja oti "can't create user output file" ndi mmene Postfix imanenera 73 ameneyo. Kuti ituluke ndi 75 muyenera kuipatsa `-t`. Mzere wanu ulibe `-t`. Muikepo lero lomwe, kaya musintha kaya simusintha.

Ndiye mukamasankha chida, chifunseni funso limodzi: zinthu zikavuta, chimanena zoona kwa Postfix?

Za mbiri ya procmail, sikuti anthu akungoinena. Stephen van den Berg anailemba mu 1990. Mtundu wa 3.22 unatuluka mu 2001 ndipo unakhala womwewo zaka zoposa 20. Philip Guenther, amene anaisamalira pambuyo pake, anapempha a OpenBSD mu 2014 kuti aichotse m'mapulogalamu awo ponena kuti code yake si yotetezeka. Chaka chomwecho komanso mu 2017 munapezeka mabowo mu formail, mnzake wa procmail, oti kalata yopangidwa mwadala ikhoza kuigwetsa. Van den Berg anadzatulutsa 3.24 mu 2022, ndiye kunena kuti inafa n'kuwonjeza, komabe ndi pulogalamu ya C yakale yomwe imawerenga zinthu zotumizidwa ndi aliyense wa pa intaneti, ndipo pa makina ambiri imakhala setuid root. Pa makina otero /etc/procmailrc imayenda ngati root mpaka mutalemba `DROPPRIVS=yes`. Kayang'aneni ngati spamc yanuyo ili pamwamba kapena pansi pa mzere umenewo.

Nkhani ya invoice ija ndi ukalamba womwewo. Tsegulani imodzi mwa makalata othawawo ndi `less`, osati Thunderbird. Mupeza Subject yake ikuyamba ndi `=?UTF-8?B?` kenako zilembo zosamveka. Pulogalamu yotumiza ikaona chilembo chimodzi chokha chachilendo pamutu, kaya chizindikiro cha ndalama kaya kamzere kataliko, imatha kukulunga mutu wonse mu base64. procmail imafananiza ndi zilembo zomwe zili mu fayilo momwe zilili, simasula. Sieve, chilankhulo cha malamulo osefera makalata chomwe Dovecot imagwiritsa ntchito, imayamba yamasula kenako n'kufananiza.

Ine ndikanakhala inu ndikanapita ku LMTP ya Dovecot ndi Sieve, makalata n'kuwasamutsira ku Maildir. Dovecot muli nayo kale, simukuwonjezera mlendo pa seva.

dovecot-lda ndi LMTP ndi ntchito imodzi yochitidwa m'njira ziwiri. dovecot-lda, imene kale inkatchedwa deliver, ndi pulogalamu ya pa command line: kalata ikabwera imadzutsidwa, imawerenga stdin, imalemba, imatuluka. LMTP ndi service yomwe imakhala ikudikira pa socket, ndipo inabwera ndi Dovecot 2.0. Ubwino wake waukulu uli m'mapangidwe a protocol yomweyo kuyambira mu RFC 2033 ya 1996: kalata imodzi ikamapita kwa anthu asanu, LMTP imayankha kasanu, aliyense yankho lake. Wina bokosi lake likadzaza, anayi enawo alandira ndipo Postfix isunga ya mmodzi yekhayo. Exit code ndi imodzi yokha, n'chifukwa chake amene amaitana dovecot-lda kudzera mu pipe amakakamizika kuika destination_recipient_limit pa 1. Komanso popeza LMTP si mwana wa local, malire aja a 51200000 saikhudza. Zonse ziwiri zimakonza index ya Dovecot pomwe kalata ikufika, pamene procmail imangoponya kalata, Dovecot n'kudzaizindikira mwini bokosi akatsegula.

Mu main.cf:

    mailbox_transport = lmtp:unix:private/dovecot-lmtp

Ku Dovecot wonjezerani lmtp pa protocols, kenako:

    service lmtp {
      unix_listener /var/spool/postfix/private/dovecot-lmtp {
        mode = 0600
        user = postfix
        group = postfix
      }
    }
    protocol lmtp {
      mail_plugins = $mail_plugins sieve
    }

Lamulo la amayi aja mu ~/.dovecot.sieve likhala chonchi:

    require ["fileinto", "mailbox"];
    if header :contains "subject" "invoice" {
      fileinto :create "Invoice";
      stop;
    }

Chomwe ndimaikondera Sieve n'chakuti ndi yosauka mwadala. Ilibe njira yoitanira shell pokhapokha inu a root mutatsegula plugin ya extprograms. Lamulo likalembedwa molakwika kalata simatayika, imagwera mu INBOX ndipo cholakwikacho chimalembedwa mu .dovecot.sieve.log. Mukatsegula ManageSieve pa port 4190, anthu anu azidzilembera okha malamulo pa Roundcube popanda kuwapatsa SSH.

Za mbox: ili ngati kope limodzi lomwe wolemba ndi wowerenga akulimbirana, wina akaligwira mnzake adikire. N'chifukwa chake pali nkhani ya maloko, dotlock, fcntl, flock, ndipo procmail ndi Dovecot zikapanda kugwirizana mtundu wa loko, makalata awiri amatha kulowana pakati. Kufufuta kalata imodzi yapakati kumafuna kulembanso fayilo kuchokera pamenepo mpaka kumapeto. Maildir, yomwe Daniel Bernstein anapangira qmail, kalata iliyonse ndi fayilo yake. Imalembedwa mu tmp, ikatha yonse imasunthidwira mu new, mwini wake akaiona imapita mu cur. Magetsi akazima pakati, chotsalira ndi kachidutswa mu tmp komwe palibe amene amakaona.

Musanakhudze chilichonse ikani `soft_bounce = yes` mu main.cf. Chilichonse chomwe chikanabwezedwa chizingosungidwa pamzere mpaka mutamaliza. Mukamaliza muchotse, chifukwa mukaiwala, otumiza ku adiresi yolakwika sadziwa msanga.

Ndipo spamc musaiiwale. Panopa ikuyenda chifukwa ili mu /etc/procmailrc. Tsiku lomwe mailbox_transport iyambe kugwira ntchito, fayilo imeneyo siwerengedwanso ndipo spam yonse ilowa mwaufulu. Kusefa kusamukire kutsogolo, ku milter, sefa yomwe Postfix imaitana pomwe ikulandira kalata, kaya spamass-milter kaya rspamd. Kenako lamulo limodzi la onse mu sieve_before liziyang'ana X-Spam-Flag ngati ndi SpamAssassin, n'kuponya mu Junk.

fulu_wakale

A Kadzidzi anena zoona zambiri, makamaka za 75. Koma pa oda@ ndisiyana nawo pang'ono.

Kusauka kwa Sieve komwe akukutamandako ndi komwe kukuvutitseni pa akaunti imeneyo. Inde extprograms ilipo, vnd.dovecot.pipe, koma script iyenera kukhala mu foda yapadera yomwe mwaiuza Dovecot, ndipo muyamba kukonza zinthu zitatu pofuna kusunga chinthu chimodzi chomwe chikuyenda kale. Palibe chifukwa. Local ya Postfix imayang'ana aliases kaye, kenako .forward, ndiyeno mailbox_transport. Ndiye anthu 39 apite ku LMTP, oda@ yokha muisiyire ~/.forward yake:

    "|/usr/bin/procmail -t"

Ikatero procmail ikuyenda pa akaunti imodzi yokha, yopanda munthu woilembera malamulo atsopano. Kumbukirani kuti /etc/procmailrc iziwerengedwabe pa akaunti imeneyi, ndiye spamc mukaisamutsira ku milter muichotsemo, kuopa kusefa kawiri.

Chomwe ndikufuna mukaone ndi recipe ya script ija. Ngati ili chonchi:

    :0
    | /home/oda/lowetsa.py

muli pa ngozi yoposa ya 49M ija. Popanda `w`, procmail siyang'ana kuti script yatha bwanji. Ikangoipatsa kalata, kwa iyo ntchito yatha, imauza Postfix 0. Database ikakhala yagona, script igwa, oda yapita, ndipo palibe bounce, palibe chotsala pamzere, palibe kanthu. Kubwezedwa kuli bwinoko, kasitomala amadziwa n'kuimba foni. Ine ndimalemba chonchi:

    :0 c
    $HOME/Maildir/.Zolandira/

    :0 w
    | /home/oda/lowetsa.py

Yoyamba ikusunga kope, `c` ndiye kuti pitirizani. Kamzere kopendekeka kakumapetoko ndi komwe kamauza procmail kuti iyi ndi Maildir, mukakaiwala ilemba mwanjira ina yomwe Dovecot siiwerenga. Yachiwiri ikudikira script. Ikalephera, kalata imatsikira ku ma recipe apansi mpaka ku DEFAULT, siitayika.

Ngati mtima wanu sukufunanso kuona procmail, maildrop ya Sam Varshavchik, wa Courier, ndi yomwe imalowa bwino m'malo mwake. Imasamalidwabe, ndipo ~/.mailfilter imawerengeka ngati pulogalamu wamba, munthu wobwera pambuyo panu sadzafunika kulosera tanthauzo la `:0 fhw`.

    cc "$HOME/Maildir/.Zolandira/"
    to "| /home/oda/lowetsa.py"

Imawerenga fayilo yonse ya malamulo isanayambe, ikapeza cholakwika imatuluka ndi 75 kalata n'kudikira. Ili ndi makani ake awiri. Sipanga foda yokha, muyenera kuyamba mwapanga ndi `maildirmake -f Zolandira ~/Maildir`. Ndipo .mailfilter ikakhala ndi zilolezo za gulu kapena za aliyense imaikana, ichiteni `chmod 600`.

Koma kuika maildrop kwa anthu onse 40 pomwe Dovecot ilipo kale, ayi, pamenepo ndili ndi a Kadzidzi.

gologolo

Zikomo kwambiri nonse awiri. `postconf` yaonetsadi 51200000. Recipe ya oda@ ndaipeza ilibe `w`, ndaikonza monga a Fulu anenera, ndipo a ku ofesi ya malonda akuti n'zoona pankakhala maoda ena omwe kasitomala amalumbira kuti anatumiza koma mu database mulibe.

Usiku ndayesa LMTP. Socket ilipo, Postfix ikulumikizana nayo, koma kalata iliyonse ikukanidwa:

    status=SOFTBOUNCE (host ... said: 550 5.1.1 <malonda@example.org> User doesn't exist: malonda@example.org (in reply to RCPT TO command))

Munthu yemweyo pa IMAP akulowa bwinobwino. Makalata adakali pamzere, `postqueue -p` ikuwaonetsa onse, ndiye soft_bounce yagwira ntchito yake. Ndabwezeretsa mailbox_command kuti anthu agwire ntchito m'mawa. Chikusowa n'chiyani? Komanso mbox zakalezi ndizisamutse bwanji kuti mafoni a anthu asayambe kukokanso makalata onse ngati atsopano?

kadzidzi

Pa IMAP amayi aja amalemba malonda basi, ndipo mu /etc/passwd muli malonda. Pa LMTP Postfix imapereka adiresi yonse, Dovecot n'kukafufuza munthu wotchedwa malonda@example.org mu passwd, yemwe kulibe. Muuzeni adule domain:

    auth_username_format = %Ln

`n` akutenga mbali ya kumanzere kwa @, `L` akusandutsa zilembo zikhale zazing'ono, kuti wolemba Malonda@ asakanidwe. Musanatsegulenso yesani `doveadm user malonda@example.org`. Ikakuonetsani uid, gid ndi home, mwakonzeka, kenako `postqueue -f`. Izi ndi za 2.3 yanuyo. Mu 2.4 kalembedwe ka config kanasintha kwambiri, ngakhale mail_location anaigawa kukhala mail_driver ndi mail_path, ndiye tsiku lomwe mudzakweze makinawo musadzangokopera mafayilo akale.

Funso la mafoni ndi labwino, ambiri amalikumbukira anthu atayamba kale kukuwa. Pulogalamu ya pa foni imazindikira kalata ndi UID yake, nambala yomwe seva imapatsa kalata iliyonse, pamodzi ndi UIDVALIDITY ya foda. Ziwirizi zikasintha imataya zonse zomwe inasunga n'kuyambiranso. Script zodula mbox monga mb2md zimagwira ntchito, koma njira yomwe ndimaidalira pa ma UID ndi ya Dovecot mwini wake. Imitsani Postfix ndi kulowa kwa IMAP, sinthani kukhala `mail_location = maildir:~/Maildir`, ndiye kwa munthu aliyense:

    doveadm sync -u malonda mbox:~/mail:INBOX=/var/mail/malonda

Pa ~/mail ikani pomwe mafoda awo akale ali, onani mail_location yakale. Imasamutsa makalata, ma UID, ndi zizindikiro zoti iyi yawerengedwa, iyi yayankhidwa. Yambani ndi akaunti yanu, muone foni yanu ikuchita bwanji. Mafayilo a mu /var/mail musawafufute, asiyeni milungu ingapo. Seva ya makalata imatha kukhala yozima ola limodzi popanda kutaya kanthu, ma seva otumiza amayesanso okha.

Chenjezo limodzi pa oda@: popeza ikudutsabe pa procmail, DEFAULT yake ikadali /var/mail/oda, komwe Dovecot sidzayang'anakonso. Lembani `DEFAULT=$HOME/Maildir/` pamwamba pa .procmailrc yake, apo ayi maoda omwe script yalephera azikabisala m'fayilo yomwe palibe akuiwerenga.

Malamulo a Sieve mutha kuwayesa osatumiza kalikonse: `sieve-test ~/.dovecot.sieve kalata.eml` ikuuzani komwe kalatayo ikanapita. Tengani imodzi mwa za base64 zija muyesere.

namzeze

Palibe wakhudza fetchmail. Tsegulani .fetchmailrc muone ngati muli mzere woyamba ndi `mda`. Ngati mulibe, fetchmail imapereka makalata ku port 25 ya makina omwewo, ndiye adutsa mu Postfix, mu milter, mu LMTP ngati ena onse, simukhudza kanthu. Ngati muli `mda "/usr/bin/procmail -d %T"` kapena chofanana nacho, makalata amenewo akuzemba Postfix yonse ndipo apitiriza kugwera mu /var/mail mutasamuka kale. Chotsani mzerewo. Kudutsa mu Postfix kulinso ndi ubwino woti kalata ikalephera kulowa m'bokosi imakhala pamzere wanu pomwe mukuiona.

Mukadzapeza kuti ena anagwera kale mu mbox yakale mutasamuka, formail ikadali ndi ntchito imodzi yomwe imaichita bwino:

    formail -s /usr/lib/dovecot/dovecot-lda -d malonda < /var/mail/malonda

Imadula mbox kalata imodziimodzi n'kupereka iliyonse kwa dovecot-lda. Pa makina ena pulogalamuyo ili mu /usr/libexec/dovecot. Kuti Sieve igwire ntchito panjira imeneyi ikaninso plugin yake mu `protocol lda`, chifukwa a Kadzidzi anakupatsani ya lmtp yokha. Ndipo muyambe mwachotsamo makalata akale omwe doveadm inasamutsa kale, kupanda kutero amayi a malonda adzuka ndi 49M ya makalata awiriawiri.